Pomwe Akimu Ankalowera

Lachitatu lililonse, magetsi akazima ku Kalingalinga,
timakumana m'shedi ya Akimu,
pakati pa mageti osamaliza kuwotcherera
ndi fungo la chitsulo chozizira.
Tilibe ng'oma, tilibe gitala, ngakhale chisekese.
Tili ndi kholingo, nthiti,
ndi kampweya kamene tsiku latisiyira.

Tinali asanu ndi mmodzi.

Zelipa ndiye amayamba, mawu opyapyala ngati waya,
amakwera mpaka kukanda malata.
Tikambenji amamudikira pansi pake.
Awiriwa sapatsana moni chiyambire Okutobala,
nkhani ya ndalama za chilimba zimene zinalowa m'madzi.
Pamsika wa Soweto amadutsana ngati sadziwana,
koma mawu a Zelipa akayamba kunjenjemera pamwambapo
ndi Tikambenji amene amaikapo phewa
kuti mnzake asagwe.
Nyimbo ikatha, aliyense amayang'ana khoma lake.

Ine ndimayimba pakati,
pomwe munthu samveka mpaka atasiya.
Masana ndimakolopa makonde a ku UTH.
Ndaona amayi akuuzidwa uthenga pakhomo la wodi,
chitenje chikumasuka osachimva.
Ndimameza, poti wokolopa salira pantchito.
Madzulo ndimazitulutsa pang'onopang'ono
zitavala nyimbo.

Yotamu ndi Malizani ndi matenala.
Wina wangotomera kumene,
wina mkazi anakwera basi ya ku Kabwe osabweranso.
Amayimba mzere umodzi, mawu amodzimodzi,
koma tcherani khutu:
uyu akuitana, uyo akutsanzika.

Ndiye Akimu.
Mawu ake sankadzera pakamwa.
Ankayenda m'simenti, n'kutilowa kuzidendene,
mabotolo a pawindo n'kumalira okha.
Sankatchula zambiri, ankangong'ung'udza
ngati jenereta ya kutali,
ndipo tonse tinamanga pamenepo
osadziwa kuti taponda pamsana pa munthu.

Tinamuika ku Chingwere mu Juni, fumbi lili m'mano.
Pamanda munayimba bwino, anatero anthu.
Anthu sadziwa.

Lachitatu lotsatira tinabwerabe.
Zelipa anayamba. Tinalowa mmodzimmodzi.
Titafika pomwe Akimu ankalowera
tonse tinamupatsa njira, mwachizolowezi,
ndipo m'mpatamo munalowa galu wa aneba,
munalowa hutala ya minibasi ya ku Mtendere,
munalowa mayi wina akukalipira mwana pampopi.
Tinatsala lende ngati zovala pachingwe.
Malizani anaseka, kuseka koipa,
kenako anakumbatira geti losapenta, mapewa akugwedezeka.
Tikambenji, maso ali kumbali,
anaponya kampango pamiyendo ya Zelipa.

Masabata atatu tinayimba ndi dzenje limenelo.
Lilime silitopa kukayendera pomwe panali dzino.

Usiku wina, kuseri kwa mulu wa zitsulo,
kunamveka kanthu.
Kochepa, kothyokathyoka,
kakutsika n'kuterereka, kakutsikanso.
Anali Penjani, mwana wa Akimu, wa giredi naini,
atavala ovololo ya bambo ake yopinda katatu m'miyendo,
mawu ali pamphambano, theka mwana theka bambo,
akupapasa pansi pomwe sanafikepo.

Anaphonya.
Anaphonyanso.
Palibe anamukonza, palibe anatembenuka,
poopa kumuthawitsa ngati mbalame yotera pawindo.
Zelipa anangokweza nyimbo pang'ono,
tonse tinakwera naye, sitepe imodzi, kenako ina,
kukhosi kukuwawa,
mpaka pansi panamuyandikira mwanayo
ndipo anapondapo.

Sizinali za Akimu.
Mabotolo a pawindo sanalire.
Koma ine, wapakati, ndinamva kanthu kakufunda kuzidendene.

Magetsi anabwera cha m'ma teni.
Babu linatiyalutsa tonse,
nkhope zonyowa, pakamwa pali yasa,
Zelipa ndi Tikambenji atagundana zigongono.
Kunja ana anakuwa, mawailesi anadzuka nyumba ndi nyumba.

Yotamu anatambasula dzanja
n'kulizimitsa.
Tinali tisanamalize.